Momwe mungachotsere polishi wouma pa mapulasitiki akuda a galimoto

Aliyense amene anapakapo galimoto polishi akudziwa zimene zimaoneka patapita tsiku limodzi kapena awiri: penti akuwala bwinobwino, koma m'mphepete mwa bampala, pa zogwirira zitseko ndi pa labala wozungulira mawindo patulukira mikwingwirima yoyera ngati ya choko. Madzi okha sathandiza, pakuti pulasitikiyo akanyowa amada bii ngati vuto latha, koma akangouma kuyera kuja kumabwereranso.

Chimene chimachitika n'chakuti pulasitiki wosapakidwa penti sakhala wosalala. Mukamuyang'anitsitsa muona timaenje tambirimbiri, ndipo m'timaenjemo ndi mmene mumakanirira phula la mu polishi (osati la pamsewu) ndi ufa wosalala kwambiri umene umapezeka m'mitundu yambiri ya polishi. Phula silisungunuka m'madzi, choncho ntchito yonse yagona pa kulifewetsa ndi kulitulutsa m'timaenjemo popanda kukanda pulasitiki.

Yambani mwaimika galimoto pamthunzi n'kudikira kuti izizire, chifukwa padzuwa mankhwala amauma asanagwire ntchito. Tsukani malowo ndi sopo wa galimoto kuti mchenga uchoke, kenako muumitse ndithu kuti muone pamene pali vuto.

Ngati mikwingwirimayo ndi yochepa, tengani labala woyera wofufutira pensulo ndipo mufufute pang'onopang'ono monga muchitira papepala. Ambiri amaipeputsa njira imeneyi, koma ineyo ndimayamba nayo nthawi zonse popeza siifuna mankhwala alionse, ndipo mudzaona timinyenyeswa ta labalayo tikugwa titatenga zoyerazo. Samalani kuti labalayo asakhule penti.

Pamene polishi walowerera, pamafunika mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira zinthu zosiyanasiyana, osungunulidwa monga mwalembedwera pa botolo lake. Thirani mankhwalawo pa mswachi, osati pa galimoto, kuti asayenderere pa penti. Kwechani mozungulirazungulira kachigawo kosaposa chikhatho chanu, ndipo thovu lisanaume mulipukute ndi kansalu kofewa koyera. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: akasiya thovulo kuti liumire pomwepo, phula limene analitukula limabwerera m'timaenje momwe muja. Tembenuzani kansaluko pafupipafupi, tsukuluzani ndi madzi, dikirani paume, ndipo ngati kuyera kukuonekabe mubwerezenso kawiri kapena katatu m'malo mokwecha mwamphamvu.

Zikakanika pamenepo, sakanizani isopropyl alcohol (mtundu wa spiriti wopukutira zinthu) ndi madzi muyeso wofanana, munyowetse ngodya ya kansalu n'kupukuta pamalopo. Muyambe mwayesa pamalo obisika, monga kunsi kwa bampala, chifukwa mapulasitiki amasiyana. Dziwaninso kuti mankhwalawa amachotsa phula pa penti amene amukhudza, ndiye pamenepo pangafunike kupakanso.

Musayerekeze kugwiritsa ntchito petulo, thinala kapena acetone (mankhwala ochotsera utoto wa pa zikhadabo), pakuti zimenezi zingathe kusungunula pulasitiki, kuwononga labala ndi kuipitsa penti mosabwezeka. Mafuta ophikira, amene ena amawatama, amadetsadi pulasitiki kwa masiku ochepa, koma nthawi zambiri amangophimba zoyerazo n'kumakopa fumbi.

Mwina mupeza kuti mwatsuka mokwanira koma pulasitiki yense ndi wotuwa mofanana, wopanda mikwingwirima. Ameneyo si polishi ayi, koma kusuluka chifukwa cha dzuwa, ndipo kumafuna mankhwala obwezeretsa kuda kwa pulasitiki. Mankhwala amenewa, ngakhalenso otetezera pulasitiki ku dzuwa, apakidwe pokhapokha malowo atayera ndi kuuma, chifukwa mukawapaka pamwamba pa polishi wotsalira sagwira bwino.

Tsiku limene mudzapakenso polishi, matani kaye tepi yapepala imene opaka penti amagwiritsa ntchito m'mphepete monse mwa mapulasitiki ndi labala, ndipo muichotse mukangomaliza. Polishi akadumphira pamalo osamatidwa, mupukuteni nthawi yomweyo ndi kansalu konyowa akadali wofewa.