Sitata ya njinga yamoto ikakana, yezani kaye musanagule batire lina

Muli pa renki m'mawa, kasitomala wakwera kale, mwadina batani la sitata koma njinga yangoti khethe n'kukhala chete. Ambiri zikatere amathamangira kushopu kukagula batire latsopano. Pakatha sabata ziwiri nalonso lafa, chifukwa chimene chinapha loyamba lija chikadali m'njingamo. Kaya ndi Lifo, King Lion kapena Boxer, magetsi ake amayenda mofanana: batire la 12V limapatsa sitata mphamvu kudzera pa relay (kaswitchi kotsegulira sitata magetsi mukadina batani), injini ikalira koyilo ya mkati mwake imapanga magetsi, ndipo regulator imawakonza n'kuwabwezera m'batire. Vuto limakhala penapake panjira imeneyi, ndipo mungathe kulipeza ndi sipanala, sikuludiraiva ndi multimeter, mita yoyezera magetsi. Ngati mulibe multimeter, okonza mawailesi ndi mafoni amakhala nayo.

1. Mverani kaye mmene ikukanira

Tsegulani kiyi, muyang'ane kanyali kobiriwira ka neutral, kenako imbani hutala. Ngati palibe choyaka ndipo hutala ili zii, ndiye kuti magetsi sakutuluka m'batire n'komwe. Ngati nyali zikuyaka koma mukadina sitata zikuzilala, relay n'kumangoti khethekhethe, batire lafooka kapena mawaya ake sakugwira bwino. Ikati khethe kamodzi mwamphamvu nyali zili zowala, kayikirani relay kapena sitata yeniyeniyo. Pamene sitata ikuzungulira n'kumangolira fwiii osakoka injini, batire lilibe mlandu, chatha ndi kakilatchi ka sitata ka m'kati mwa injini, ndipo ntchito imeneyo ndi ya makaniko.

Musaiwale tinthu tochititsa manyazi. Switch yofiira ya kuchiwongolero mwina mwana anaidina, kapena njinga ili mugiya ndipo simunagwire kilatchi.

2. Fyuzi ndi mitu ya batire

Tsegulani chivundikiro cha m'mbali. Pafupi ndi batire pali fyuzi, kawirikawiri ya 10A kapena 15A. Ikakhala yopsa ikani ina ya nambala yomweyo. Zomangapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu zija n'zimene zimaotcha mawaya a njinga yonse.

Kenako gwedezani mawaya a pamitu ya batire. M'misewu yathu ya mabampu mabawuti amamasuka okha, ndipo apa ndi pamene mavuto ambiri amathera. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira, masulani, kuyambira waya wa minus, mutsuke ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira therere uja, mupale ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale. Pobwezera yambani ndi plus, mumange zolimba, mupake girizi pang'ono pamwamba. Tsatiraninso waya wa minus kukafika pamene wamangidwa pathupi la njinga, chifukwa dzimbiri la pamenepo limavutitsa mofanana.

3. Yezani batire

Ikani mita pa DC 20V, waya wofiira pa plus, wakuda pa minus, kiyi ali wotseka. Ndi bwino njinga ikhale itaima kwa ola limodzi kapena kuposa. Batire lodzaza limaonetsa 12.6V kapena kupitirira pang'ono. Pa 12.2V lili cha patheka, ndipo pansi pa 12V ndiye kuti laphwa.

Koma nambala imeneyi payokha imanama. Batire lokalamba limatha kuonetsa 12.5V n'kugwa likangopatsidwa katundu. Siyani mita pomwepo, mnzanu adine sitata inu mukuyang'ana. Ikatsika kufika cha pa 10V n'kubwerera, batire lili bwino. Ikagwera pa 7V kapena 6V, litchajeni ndipo muyesenso. Likachitanso chimodzimodzi, apo ndiye mungagule lina ndi mtima umodzi.

Kutchaja kwake kukufuna kusamala. Mabatire a njinga zimenezi ndi aang'ono, ambiri a 5Ah kufika 7Ah, ndipo amafuna moto wochepa, wosaposera 1A, kwa maola angapo. Kumalo kotchajitsa mabatire a galimoto ndi a sola makina ake amakhala amphamvu, moti batire la njinga limatentha n'kufufuma. Auzeni atsitse. Ngati lanu ndi lokhala ndi tizitsekero pamwamba, onani madzi, akatsika thiranimo madzi a batire ogula kushopu, osati asidi kapena a pamjigo.

4. Relay ndi sitata

Batire likakhala labwino koma sitata ili duu, tsatirani waya wonenepa wochokera pa plus. Ukufikitsani pa relay, kachitini kokhala ndi mabawuti awiri. Njinga ikhale pa neutral, pa sitandi yapakati, ndipo pasakhale petulo wodontha. Gunditsani mabawuti awiriwo ndi sikuludiraiva kwa kamphindi. Pathetheka moto, musadzidzimuke. Sitata ikazungulira, ndiye kuti vuto ndi relay, batani kapena mawaya ake. Batani limadzaza fumbi m'chilimwe ndi dzimbiri m'dzinja, kulitsegula n'kulipala kumakwanira.

Sitata ikapanda kuzungulira, igogodeni pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kwinaku mukudina batani. Ikadzuka, mabulashi a mkati atha. Amagulitsidwa paokha, choncho musalole kugulitsidwa sitata yathunthu musanaitsegule. Ndipo musamaumirire batani kupitirira masekondi 5, mupumitse kaye musanadinenso.

5. Kodi njinga ikutchaja?

Apa ndi pamene anthu ambiri safikapo, chonsecho ndi pamene pamafera mabatire. Njinga zambiri zazing'ono zimalira ndi kiki ngakhale batire litaphwa, ndiye munthu amangoti bola ikuyenda, osadziwa kuti yasiya kutchaja kalekale.

Ilizeni, mita ili pamitu ya batire, muwonjezere moto pang'onopang'ono. Nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Yatsani nyali yakutsogolo muonenso. Ikakhazikika pa 12V kapena kumatsika, magetsi sakufika. Ikadutsa 15V, regulator yafa ndipo ikuphika batire. Zizindikiro zake ndi mababu opsa pafupipafupi, madzi a batire osachedwa kuuma ndi fungo ngati la dzira lovunda.

Ikakhala kuti sikutchaja, yambani ndi pulagi ya mawaya ochokera ku injini, nthawi zambiri achikasu, kupita ku regulator. Imakonda kusungunuka kapena kuchita dzimbiri. Ikakhala yoyera, isololeni, sinthani mita ipite pa AC, muyeze mawayawo injini ikulira. Nambala iyenera kukwera pamene mukuwonjezera moto, kuposa 20V. Ikakwera, koyilo ili bwino ndipo wolakwa ndi regulator. Ikapanda kusuntha, koyilo yapsa. Pogula regulator pitani ndi yakaleyo, chifukwa zina n'zofanana maonekedwe koma mawaya ake ndi osiyana.

6. Zikakhala kuti zonse zili bwino koma m'mawa laphwa

Pali chimene chikumwa magetsi usiku. Kawirikawiri ndi zowonjezera zathu zomwe: potchajira foni, masipika, tinyali tamitundumitundu, alamu, zolumikizidwa molunjika kubatire osadutsa pakiyi. Madzulo masulani waya wa minus, m'mawa muubwezere. Njinga ikalira bwinobwino, chotsani zowonjezerazo chimodzichimodzi mpaka mutapeza wakubayo, ndipo muzilumikize pawaya umene umakhala ndi moto kiyi akatsegulidwa pokha.

Mukafuna kuthandizidwa ndi batire la galimoto, plus apite ku plus, minus ku minus, injini ya galimotoyo ikhale yozimitsa. Njinga ikalira chotsani mawayawo nthawi yomweyo, ndipo musaizimitse musanayeze ngati ikufika pa 13.5V paja.