Mmene ndinapezera agogo omwe anasowa m'mabuku a tchalitchi ku Quebec

Amuna anga ndi a ku Quebec, m'dziko la Canada, ndiye ndinati ndilondole makolo awo kuti anawa adzadziwe kuchimuna kwawo. Zimayenda bwinobwino mpaka nditafika cha m'ma 1850, dzina loti Beaulieu linangoti zii! Miyezi iwiri ndikusakasaka mu Drouin Collection, mabuku a ubatizo ndi maukwati a matchalitchi a Katolika aja, koma agogowo osaoneka ayi, mtima unandiwawa zedi.

Kenako ndinadzamva za mayina a "dit", liwuli limatanthauza "wotchedwa". Nthawi ya atsamunda a ku France anthu ambiri, makamaka asilikali ngati a Carignan-Salières omwe anafika mu 1665, amakhala ndi dzina lachiwiri, ndiye ana ena amatenga loyamba ena lachiwiri, wansembe naye amangolemba lomwe wauzidwa tsikulo. Nditasaka Hudon dit Beaulieu ndinawapeza pompo, kani bambo awo analembedwa Hudon basi.

China chomwe chinandithandiza kwambiri, ndinasiya kutsata mwamuna nkuyamba kutsata mkazi. Kumeneko mkazi amalembedwa ndi dzina la kwa bambo ake mpaka imfa, komanso pa ukwati amatchula makolo a mbali zonse ziwiri, izitu nzimene zinanditsegula maso. Ma Joseph ndi ma Marie musawadalire, ana ambirimbiri amabatizidwa ndi mayina amenewa. Ndinakatsimikiza pa PRDH, kaundula wa pa intaneti wa mabanja akale a ku Quebec yemwe anakonzedwa ndi yunivesite ya Université de Montréal, mzere unakafika kwa Pierre Hudon, kholo la banjali, wa m'mudzi wa Rivière-Ouelle ku Quebec komweko.