Momwe uphungu wa maganizo umayendera, ndi zomwe zimaulepheretsa

Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo tulo sitikubwera, chakudya sichikukoma, ndipo kumunda kapena kumsika mukupita mokakamizika, mwina ndi matenda a kukhumudwa (depression): yambirani pachipatala chapafupi. Uzani namwino kapena APE (wothandiza zaumoyo) wa m'mudzi mwanu kuti mukufuna kuonana ndi técnico de psiquiatria kapena psicólogo, omwe ndi akatswiri a matenda a maganizo. Wa ku Ulongué, Furancungo kapena Moatize asathamangire mumzinda wa Tete. Vuto likakula, achipatala amalemba okha kalata yokutumizani ku Hospital Provincial de Tete.

Tsiku loyamba ndi la mafunso: vuto linayamba liti, mowa mumamwa wochuluka bwanji, mukumwa mankhwala anji, munaganizapo zodzipha. Yankhani zoona. Mungapimidwenso magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi nako kumafoola thupi.

Njira yofala ya uphungu ndi CBT, yothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake, yomwe dokotala wa maganizo Aaron Beck anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1960. Gulani kope, tsamba lililonse muligawe panayi: chomwe chachitika, ganizo lomwe labwera, chomwe munachita, ndi umboni. Mwachitsanzo, mlimi wa ku Tsangano kachewere wamuwolera m'munda. Ganizo: "Ndine wolephera, ana anga afa ndi njala." Chomwe anachita: masiku atatu chigonere, osatuluka m'nyumba. Pa umboni, phungu amafunsa: kodi a minda yoyandikana nawo sanaluze? Nanga chimanga cha m'nkhokwe chifika mwezi uti? Apa sitikunamiza munthu kuti zonse zili bwino, ayi. Tikuchotsa zokokomeza, kuti chotsalacho chikhale vuto loti n'kuligwira. Wosadziwa kulemba angajambule mawu pa foni.

Kenako musankhe kantchito kamodzi, ndi tsiku ndi ola lake: "Lachitatu m'mawa ndikathirira dimba kwa mphindi 20." Musadikire kuti mtima ufune kaye. Pa matenda awa, chilakolako chimabwera munthu atayamba kale kugwira ntchito. Mtima ukamathamanga, kokani mpweya pang'onopang'ono masekondi 3, muutulutse masekondi 3, kwa mphindi ziwiri.

Ndondomeko yaifupi ya uphungu yotchedwa PM+, ya bungwe la zaumoyo padziko lonse (WHO), imakhala ya maulendo 5, kamodzi pa sabata, mphindi 90 ulendo uliwonse. CBT yathunthu imatenga nthawi yoposa pamenepo.

Ambiri amasiyira panjira. Ena amapita akuyembekezera kuti phungu agamula mlandu ngati ankhoswe, ndiye akapatsidwa ntchito yokachita kunyumba amakhumudwa. Koma kusinthako kumachitikira kunyumbako, pakati pa ulendo ndi ulendo. Kope likabwerera losalembedwa, phungu alibe poyambira. Ena amasiya pa ulendo wachiwiri chifukwa kuulula kwawapweteka. Zimenezi zimachitika, makamaka kwa omwe anaona zoopsa, monga madzi a mtsinje wa Revúbuè atasefukira mu Januwale 2022. Muuzeni phungu achepetse liwiro. Achibale asakakamize munthu kufotokoza. Ngati ndalama ya chapa kapena msewu wa nthawi ya dzinja ndiwo ukuvuta, funsani msanga ngati maulendo ena angachitike pa foni.

Mukapatsidwanso mankhwala monga fluoxetine, dziwani kuti amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti ayambe kuthandiza, ndipo musawasiye musanafunse adokotala.

Munthu akanena zodzipha, musadikire tsiku la consulta. Chotsani m'nyumba mankhwala opopera mbewu, a makoswe ndi zingwe, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.