Mmene mungawerengere ziwerengero za Joe Fulks

Mukafuna kuyesa luso la Joe Fulks, yemwe anali wosewera kutsogolo wa timu ya basketball ya Philadelphia Warriors, yambani ndi mapointi 23.2 amene ankapeza pa masewero alionse mu 1946–47, pamene timuyi inatenga chikho cha ligi ya ku America ya Basketball Association of America (BAA). Musawayerekeze ndi a masiku ano, chifukwa wotchi yokakamiza timu kuponya mpira asanathe masekondi 24 inabwera mu 1954, ndipo kale timu inkatha kungosunga mpira osaponya. Kenako onani kuti pa mipira khumi imene ankaponya, itatu yokha ndiyo inkalowa, komabe ambiri nthawiyo ankalephera kufika pamenepo. Mapointi 63 amene anapeza pa 10 February 1949 polimbana ndi Indianapolis Jets muwaone paokha, popeza panapita zaka khumi wina asanawapose.