Kukonza mawaya a saundi mu kompyuta yaying'ono yosasokosa

Kakompyuta kanga ndi ka mini-ITX, kutanthauza kuti bodi yake yaikulu (motherboard) ndi ya masentimita 17 mbali zonse, fani imodzi yokha yoyenda pang'onopang'ono, koma tsiku loyamba kulumikiza mahedifoni kutsogolo ndinamva kuti ziiii, ndikasuntha mausi kaphokosoko nkumasinthanso. Vuto silinali bodi ayi, inali kebulo ya saundi yakutsogolo, yayitali komanso yopanda shield (chitsulo chopyapyala chokuta waya choteteza ku phokoso la magetsi), nditaipinda nkuipanikiza pafupi ndi mawaya a pawa sapulayi poti mu kesi (bokosi la kompyuta) yaying'ono malo mulibe.

Choyamba zimitsani, zulani pulagi kukhoma, gwirani chitsulo cha kesi kuti static, magetsi omwe amaunjikana m'thupi, ichoke m'manja. Pa bodi pezani pomwe kebuloyi imalowa, makampani opanga mabodi amalemba mosiyana, ASUS amalemba AAFP, Gigabyte F_AUDIO, MSI JAUD1. Pali malo a mapini 10 koma nambala 8 palibe pini, pomwe pa malo ofanana nawo a USB 2.0 yosowa ndi nambala 9, ndiye musakakamize pulagi ngati sikulowa chonde.

Makesi akale amabwera ndi mapulagi awiri pa kebulo imodzi, HD AUDIO ndi AC'97. Tengani ya HD AUDIO, inayo ikulungeni tepi. Ngati kesi yanu ili ndi AC'97 yokha lowani mu BIOS (menyu ya bodi yomwe mumalowa kompyuta ikamayaka) musinthe pomwe pali front panel type muike AC'97.

Tsopano mawayawo. Jambulani kaye pa foni musanazule chilichonse, mitundu ya mawaya imasiyana kesi ndi kesi ndiye osadalira kukumbukira. Pini 5 ndi khutu lakumanja, 9 lakumanzere, 2 ndi ground (waya wobwererapo magetsi), 1 ndi 3 za maiki, pomwe 6, 7 ndi 10 ndi zomwe zimauza kompyuta kuti mwalowetsa jaki. Pa pulagi ya HD AUDIO ija waya aliyense wagwiridwa ndi kalilime ka pulasitiki, kanyamuleni pang'ono ndi singano waya amasololoka yekha, mukakankha mwamphamvu kamathyoka ndipo pini siigwiranso. Ine ndinadula kebuloyo nkusiya utali wongokwanira, mawaya a 5 ndi 9 ndinawasintha ndi a shield ochokera ku kebulo yakale ya sipika, shieldyo nkuilumikiza ku pini 2, kuwotcherera ndi sodala kenaka heat shrink (kachubu ka pulasitiki kofinyika kakatenthedwa) pamwamba. Mukamaibwezera idutsitseni m'mphepete mwa kesi, kutali ndi pawa sapulayi ndi graphics card, ikafunika kudutsana ndi waya wa magetsi idutse mopingasa osati kuyenda naye limodzi.

Musanayatse yezani ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) ngati 5 ndi 9 sizikukhudzana ndi 2.

Phokoso likatsalabe masulani sikuluwu ya kabodi ka majaki kutsogoloko, kagwireni m'malere kasakhudze chitsulo, kompyuta ili yoyaka mumvetsere. Likasiya ndiye kuti ground ikudutsa njira ziwiri, ikani wochala (washer, kamphete kopyapyala) ya pulasitiki pakati pa kabodiko ndi kesi, nkumanganso ndi sikuluwu ya pulasitiki.