Momwe mungawerengere kalata ya Filemoni m'Chigiriki pokonza ulaliki

Kalata ya Paulo kwa Filemoni ili ndi mavesi 25 okha, choncho ndi poyambira pabwino ngati Chigiriki chanu cha kusukulu ya ubusa chayamba kuchita dzimbiri.

Choyamba pezani Chipangano Chatsopano cha Chigiriki. Ambiri amadalira Nestle-Aland ya nambala 28, yomwe inatuluka mu 2012, koma SBL Greek New Testament imapezeka ulere pa intaneti ndipo ikukwanirani. Koperani kalata yonse papepala, mukusiya mipata pakati pa mizere, kenako muiwerenge mokweza mpaka kumapeto. Mawu amene akukuvutani ingowadulani mzere kunsi. Mtanthauziramawu ayambe wadikira.

Mukatero, tsatani aneni mmodzimmodzi, chifukwa ntchito yagona pamenepa. Mu vesi 8 Paulo akuti akanatha kulamula, epitassein, koma mu vesi 9 ndi 10 akubwereza parakalo, "ndikupempha". Mu vesi 15 sakunena kuti Onesimo, kapolo wa Filemoni amene Paulo akupempha kuti alandiridwenso, anathawa. Walemba echoristhe, "anasiyanitsidwa", osatchula amene anachita zimenezo. Dzifunseni chifukwa chake, ndipo yankho mulilembe m'mphepete mwa pepala.

Onaninso amene akuuzidwa. Madalitso a mu vesi 3 ndi 25 akupita kwa anthu ambiri, pomwe pempho lenilenilo likulunjika munthu mmodzi. Filemoni akupemphedwa, koma Apiya, Arkipo ndi mpingo wosonkhana m'nyumba mwake ali pomwepo akumva.

Tsopano zungulizani mawu obwerezedwa. Splanchna, zam'kati mwa munthu kumene kumachokera chifundo, zomwe ife timati mtima, akupezeka katatu. Mu vesi 7 Filemoni watsitsimutsa mitima ya oyera mtima, mu vesi 12 Onesimo ndiye mtima wa Paulo, ndipo mu vesi 20 Paulo akuti tsitsimutsa mtima wanga. Filemoni angakane bwanji pamenepo? Mitu ya ulaliki wanu mwaipeza kale.

Apa mpamene mungatsegule mabuku ofotokozera Baibulo, komanso Akolose 4:9 kumene Onesimo akutchulidwanso. Mukayamba ndi mabukuwo, mudzangolalikira maganizo a eni ake.

Pomaliza lembani uthenga wonse m'chiganizo chimodzi cha chilankhulo cha omvera anu. Ngati sichikutuluka, bwererani kwa aneni aja. Paguwa, liwu limodzi la Chigiriki ndi lokwanira, ndipo mulitchule pokhapokha ngati likutsegula vesilo.