Kusowa tulo: njira za ku China zimene mungayese ndi zala zanu, ndi zimene muyenera kusiyira odziwa

Munthu amene amangotembenukatembenuka pamphasa mpaka tambala woyamba kulira amadziwa kuwawa kwa usiku. Mankhwala achikhalidwe a ku China ali ndi njira zingapo zothandizira vutoli: kubaya timasingano tating'ono m'malo osankhika a thupi, komwe ambiri amakutcha acupuncture, kudina malo omwewo ndi zala, komanso zitsamba. Zitatuzi sizifanana kuopsa kwake, ndipo malangizo athu ndi akuti muyambe ndi zala.

Madokotala a ku China safunsa chabe ngati mumagona. Amafunsa ngati tulo timavuta kubwera kapena mumadzidzimuka pakati pa usiku, ngati mumatuluka thukuta, ngati mtima umagunda kwambiri, ndiponso zimene munadya madzulo. Buku lawo lakale la Huangdi Neijing limanena kuti m'mimba mukapanda kukhazikika, munthu sagona bwino. Tikuvomereza. Mitanda inayi ya nsima nthawi ya 9 koloko usiku, kenako kapu ya tiyi wamphamvu, palibe singano imene ingakonze zimenezo. Idyani kutatsala maola awiri kapena atatu kuti mukagone, ndipo tiyi ndi khofi zithere masana.

Malo oyamba kuphunzira ndi Shenmen. Tembenuzani dzanja kuti chikhatho chiyang'ane kumwamba, mupeze mzere umene dzanja limapindikira. Kumbali ya kachala kakang'ono mumva mtsempha wolimba ngati chingwe. Kadzenje kamene kali m'kati mwake, kumbali yoyang'ana chala chachikulu, ndi pomwepo. Dinani ndi nsonga ya chala chachikulu, osati chikhadabo, mukuzunguliza pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako musinthe dzanja. Muyenera kumva kulemera ndi kusasantha pang'ono. Zikamapweteka mpaka kukwinya nkhope, mwadina kwambiri, ndipo thupi limene likumva ululu silingagone.

Kuchokera pa mzere womwewo, gonekani zala zitatu kulowera ku chigongono. Pakati pa mitsempha iwiri imene imatukuka mukafumbata dzanja pali Neiguan, malo amene amagwiritsa ntchito mtima ukamathamanga ndi nkhawa kapena munthu akamachita nseru. Yintang ali pakati pa nsidze, ndipo pamenepa pamafuna kusisita chabe. Anmian ali kuseri kwa khutu, pafupi ndi fupa lotumphuka lija, pomwe tsitsi limayambira.

Pa Sanyinjiao pokha tiime kaye. Malowa ali zala zinayi pamwamba pa fupa la kakolo lam'kati, kuseri kwenikweni kwa fupa la mwendo. Amatchuka pothandiza tulo, koma mayi woyembekezera asawadine ngakhale pang'ono, chifukwa madokotala a ku China amawaletsa pa nthawi ya pakati poopa kuti angayambitse matenda a kubereka nthawi isanakwane. Mwendo umodzi ukakhala wotupa, wotentha ndi wopweteka, osautikita; pitani kuchipatala.

Zonsezi zimatenga mphindi 10 mpaka 15. Ku China ambiri amayamba ndi kuviika mapazi m'beseni la madzi ofunda, pafupifupi madigiri 40, kwa mphindi 15, kenako amatikita kunsi kwa phazi. Odwala shuga ayese madziwo ndi chigongono, chifukwa mapazi awo nthawi zina samva kutentha ndipo amapsa osadziwa. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kuyesa usiku umodzi n'kusiya. Chitani usiku uliwonse kwa masabata awiri, nthawi yofanana, foni ili kutali, ndipo m'mawa muzilemba nthawi imene munagona ndi imene munadzuka.

Masingano si ntchito ya panyumba. Wodziwa amabaya timasingano toonda ngati tsitsi, n'kutisiya mphindi 20 mpaka 30, kawiri kapena katatu pa sabata, kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Onetsetsani kuti akutsegula paketi yatsopano inu mukuona ndi kutaya masinganowo akatha, chifukwa singano yobwereza imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Singano yolowa mozama pachifuwa kapena kumsana kumtunda ikhoza kuboola phapo. Mukayamba kubanika mutabayidwa, thamangani kuchipatala. Musapite ndi njala, ena amakomoka. Ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, nenani asanayambe. Dziwaninso kuti kafukufuku wa njirayi sagwirizana: odwala ambiri amati tulo tinakoma, koma poyerekeza ndi kubaya kongonamizira, kusiyana kumachepa. Pakatha masabata asanu ndi limodzi osasintha kanthu, musapitirize kutaya ndalama.

Kumbali ya zitsamba, msanganizo wodziwika kwambiri ndi Suan Zao Ren Tang, umene analemba dokotala Zhang Zhongjing cha m'ma 200 A.D. Uli ndi zinthu zisanu, ndipo chachikulu ndi nthanga za mtengo wina wa ku China womwe ndi m'bale wa masau athu a m'chigwa cha Shire. Ubale si kufanana. Nthanga za masau ndi zimene amalonda achinyengo amasakaniza m'malo mwa zenizeni, choncho musaswe masau n'kuganiza kuti mwapeza mankhwala. Mu msanganizowu mulinso gancao, muzu wotsekemera umene umakweza BP ukamwedwa nthawi yaitali. Mapiritsi ena ogonetsa a ku China amakhala ndi zhusha, mwala wofiira wa mekyule, poizoni amene amawononga impso ndi ubongo. Botolo lolembedwa m'Chitchaina chokha, lopanda mndandanda wa zimene zili m'kati umene mungawerenge, musagule. Oyembekezera, oyamwitsa ndi onse amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku afunse dokotala asanamwe chitsamba chilichonse.

Kusowa tulo kwina kuli ndi gwero limene kudina sikungafikeko. Mankhwala a ARV okhala ndi dolutegravir amasowetsa tulo anthu ena; musasiye kumwa, koma kafunseni kuchipatala za nthawi yoyenera kumwera. Munthu woliza mkonono kwambiri, amene mnzake amamumva akusiya kupuma kenako n'kubanika, ayenera kupimidwa. Chimodzimodzi amene wataya chimwemwe, sakufuna kudya, kapena akuganiza zodzipha. Ameneyu apite kuchipatala lero lomwe. Ndipo ngati mwakhala mukusowa tulo masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, tengani pepala lija mwakhala mukulemba mukamusonyeze dokotala.